Maso Ofiira M'sabata ya Vidiyo

Lolemba, 2 Okutobala 2006

Zatsimikizika! Kwaya yathu ikujambula vidiyo Loweruka. A Gondwe, otiphunzitsa nyimbo, alengeza lero ku pulakatisi. Wojambula wapezeka kale, wa kamera yaikulu yonyamula paphewa. Malo ake ndi ku Area 47, pakhomo pa mkulu wina wa mpingo, pamene pali kapinga ndi maluwa. Kuno ku Biwi akuti fumbi lingaononge kamera. Ife fumbi lomwelo timapuma chaka chonse, koma chabwino.

Ma CD adzagulitsidwa pa tchalitchi. Mwinanso adzationetsa pa TV. Ine pa TV!

Vuto ndi limodzi: mzere wakutsogolo.

Ndayimba m'kwaya imeneyi kuyambira tchalitchi chisanaikidwe mawindo. Ndayimba pa maliro, pa maukwati, pa dzuwa, pa mvula. Koma lero a Gondwe akuti, "Edina, tabwera kutsogolo kuno, nkhope yakoyo kamera iikonda." Edina! Wabwera chaka chino chomwe kuchokera ku Zomba. Yunifolomu yake sinasuluke n'komwe.

Njira yonse yobwerera ndakhala ndikuwerengera. Edina ali ndi chiyani chimene ine ndilibe?

Msinkhu? Tikufanana.
Tsitsi? Tonse timavala duku.
Mano? Anga ndi okwanira, kupatula limodzi la m'kati lomwe silioneka.
Maso. Basi, ndi maso. Aakulu, oyera mbuu, akuda m'mphepete. Akamaimba amawatembenuzira kumwamba ngati akuona angelo akuyenda pa malata.

Ngakhale bambo a Mphatso, mwamuna wanga weniweni, tsiku lina pochokera ku tchalitchi anati, "Mtsikana watsopano uja amaimba ndi maso omwe." Ine ndinangoti, "Eti." Ndiwo za tsiku limenelo ndinathira mchere kawiri.

A Gondwe akuti kutsogolo kwatsala malo amodzi, asankha munthu Lachisanu. Malo amenewo ndi anga. Ngati nkhani ili pa maso, maso amakonzedwa. Mawa ndikulowa m'tauni.

Lachiwiri, 3 Okutobala

Ndapita kumsika, kwa ogulitsa zodzoladzola. Ndagula:

pensulo yakuda yolembera m'mphepete mwa maso,
kabotolo kokhala ndi kabulashi kodetsera nsidze,
paudala wonyezimira wa buluu, wofanana ndi duku la kwaya.

Zolembedwa pa kabotolo sizikuwerengeka, zilembo zake zili ngati mapazi a nkhuku. Wogulitsa akuti, "Izi ndi zakunja, madamu. Amuna anu sakakuzindikirani."

Masana. Mphatso ali kusukulu. Ndakhoma chitseko, ndapaka zonse zitatu. Galasi lathu ndi losweka pakona, koma zikuoneka. Aaa! Mkazi uyu ndi ndani? Ndikutembenuzira maso kumwamba ngati Edina. Ndikutha. Ndikumuposa! Ndayimba ndime ziwiri ndikuyang'ana denga mpaka khosi lawawa.

Maso akuyabwa pang'ono. Zachilendo zimatero, thupi lizolowera. Komanso nyengo ino maso anga amayabwa chaka ndi chaka, fumbi likayamba ndiponso anthu akamatentha zinyalala. Ndangokanda ndi nsonga ya chitenje, n'kupakanso pamene pafufutika.

Madzulo. Bambo a Mphatso afika kuchokera ku galaja. Aima pakhomo. Akundiyang'ana, osaphethira. Zaka zonsezi sanandiyang'anepo choncho.

Akuti, "Wakumenya ndani?"

Ndangowapakulira nsima. Munthu wongoona ma injini tsiku lonse angadziwe chiyani za kukongola?

Lachitatu, 4 Okutobala

Mayo ine!

Ndadzuka zikope zitatupa ngati mandasi. Maso onse awiri. M'kati muli psuu. Misozi ikungotsika yokha, yamadzi okhaokha, ngati mpopi wotha labala. Mphuno nayo yalowerera. Ndayetsemula mpaka Mphatso wasiya kundiuza "pepani".

Kuyabwa kwake! Ngati munthu wathiramo chitedze. Ndikamakanda, kukoma. Ndikangosiya, moto. Ndiye ndikukandanso.

Pa mpopi amayi andipatsa njira ngati pulezidenti. Ndowa yanga palibe akufuna kuikhudza. "Ndi matenda a maso aja opatsirana," akunong'onezana, koma mokweza. Ataima patali, aliyense wasanduka dokotala:

Mayi a Yankho, amene akuyamwitsa: "Mkaka wa m'mawere, anzanga. Ndikufinyireni pompano?"
Alandilodi: "Madzi a shuga. Ife tinakula ndi zimenezo."
Mayi wina wa kuseri, sindimudziwa n'komwe: "Mkodzo wa m'mawa." Wake kapena wanga, sanafotokoze.
Abiti Juma, ogulitsa masamusa, angondiyang'anitsitsa n'kuti, "Achemwali, mwapaka chiyani?"

Ndati palibe.

Pulakatisi sindingajombe, osati sabata ino. Ndapakanso paudala wabuluu, wochulukirapo, kuti abise kutupa. Pamwamba pake ndavala magalasi akuda a bambo a Mphatso, omwe mwendo umodzi ndi womanga ndi waya.

A Gondwe akuti ndivule magalasi. Ndavula. Mzere wonse wasuntha.

"Mayi, khalani kumbuyo uko pafupi ndi windo. Mungatipatsire tonse, Loweruka n'kujambulitsa kwaya ya maso ofiira."

Kumbuyo, pafupi ndi windo, ndi kumene kumakhala matsache.

Edina watembenuka n'kuti, "Pepani, asisi." Ndi maso ake aja, oyera ngati mpunga. Pepani wa chiyani? Wadziwa bwanji kuti apepese? Ndakumbuka kuti sabata yatha anabwereka buku langa la nyimbo, pobweza anandiyang'ana nthawi yaitali. Sindikunena kanthu. Ndine Mkhristu. Ndikungoti anthu ena akaona mnzawo akufuna kutukuka, mtima umawapweteka. Nsanje ndi matenda oipa kwambiri. Ndimupempherera.

Lachinayi, 5 Okutobala

Zanyanya. Diso lakumanzere likungoona ngati pa kabowo ka kiyi. Ndayesa madzi a mchere, nzeru yanga ndekha. Ndakuwa mpaka galu wa alandilodi wathawa.

Ndili m'kati mokuwamo, "Odi!" Edina. Wanyamula nthochi.

Akuti mchimwene wake amavutika choncho nyengo ino, tiyeni kuchipatala. Ndati ndili bwino. Wakhala pakhonde. Ndati ndili ndi ntchito. Wanditsukira mbale. Ndati ndilibe wosiyira nyumba. Watseka yekha chitseko n'kundipatsa kiyi. Munthu wotani ameneyu? Mdani amayenera kukhala kwawo.

M'minibasi anthu atisiyira mpando wonse. Kondakitala walandira ndalama ndi nsonga za zala.

Kuchipatala mzere wautali, dzuwa lili phwee. Edina wandigwirira malo, ine ndili pamthunzi. Abambo awiri amupatsa moni. Ine wodwala palibe wandifunsa.

Adokotala ake ndi mayi wa magalasi, wosaseka. Mafunso motsatizana:

"Onse awiri anayamba limodzi?" Eya.
"Akuyabwa kapena akupweteka?" Kuyabwa.
"M'mawa mumadzuka atamatirira ndi mafinya?" Ayi, misozi yokha.
"Mukuona bwino? Kuwala kukukulasani?" Ndikuona, kutupaku kokha.
"Mukuyetsemula?" Ndayankha ndi kuyetsemula komweko.
"Kunyumba kuli wina amene wayamba?" Palibe.
"Mwapaka chiyani?"

Palibe.

Atenga kathonje, apukuta chikope changa, andionetsa. Buluu! Wonyezimira! Edina wayamba kuwerenga chipepala cha malungo chapakhoma ngati mawa ali ndi mayeso.

Adokotala akuti, "Mayi, awa si matenda opatsirana. Thupi lanu likudana ndi chinthu. Ena limadana ndi fumbi, ena utsi, ena mungu wa maluwa, ena ubweya wa mphaka. Inu fumbi limakuvutani kale, ndiye mwaonjezerapo izi. Chizindikiro chake ndi kuyabwako ndi misozi yamadziyo."

Malamulo awo, ndikulemba kuti ndisaiwale:

Zopakazo, kutaya. Osati kusunga, kutaya.
Kusamba m'maso ndi madzi oyera, kenaka kuikapo kansalu koyera konyowa ndi madzi ozizira.
Osakanda! Akuti kukanda ndi kuthira palafini pa moto.
Mankhwala odonthezera, monga alembera.
Timapiritsi tachikasu, kamodzi kokha, madzulo, chifukwa timagonetsa.
Mkaka wa m'mawere, shuga, mchere, mkodzo, ayi. Mankhwala a m'maso ogula pamsika, ayi, akuti ena amayeretsa diso lero n'kuliononga mawa.
Likayamba kupweteka, kutuluka mafinya, kapena kuona mwachimbuuzi, kubwerera tsiku lomwelo.

Ndafunsa ngati Loweruka adzakhale atayera. Akuti, "Mukasiya kukanda, achepa." Achepa! Ine ndikufuna kuyera, iwo akuti kuchepa.

Ndiye si Edina. Ndakhumudwa pang'ono. Zinali zosavuta akanakhala iyeyo.

Pobwerera, ali m'minibasi, akuti chapansipansi, "Asisi, mukanandifunsa. Ine sindipaka kanthu. Ndinangobadwa nawo."

Sapaka kanthu.

Nkhani yoipa kuposa zonse m'sabata ino ndi imeneyi. Nthochi zake ndadya, koma mosakondwa.

Lachisanu, 6 Okutobala

Kutupa kwatsika! Kapiritsi ka dzulo kanandigoneka ngati mwala, koma kagwira ntchito. Diso lakumanzere latseguka. Kufiira kulipobe, koma tsopano ndikuoneka ngati munthu wolira maliro, osati wa ku kachasu.

Madzi ozizira ku Biwi mu Okutobala angapezeke kuti? A mu mtsuko ali ngati tiyi. Ndagula mafilizesi awiri pa okala, ndakulunga m'kansalu koyera, ndagona chagada n'kuika m'maso. Kukoma kwake! Mphatso wakhala pambali, akudikira kuti asungunuke amwe. Akufunsa ngati ndidwalenso mawa.

Kusakanda ndi ntchito. Ndakhalira manja. Ndasenda mtedza. Ndachapa zovala zoyera kale. Dzanja likungonyamuka lokha ngati la wakuba.

Zopaka zija ndazitulutsa kuti nditaye. Ndaziyang'ana. Zatsopano, zokongola, kungogwira ntchito kawiri. Ganizo lafika: bwanji ndizikulunge bwinobwino ndikamupatse Edina, yothokoza pondiperekeza? Apake mawa m'mawa...

Ndakhala nalo ganizo limenelo nthawi yokwanira kuwiritsa madzi. Linali lokoma. Kenaka ndaziponya m'chimbudzi, chimodzichimodzi. Satana achite manyazi. Paudala ndiye anandiwawa.

Madzulo, pulakatisi yomaliza. Ndalowa popanda magalasi, ndalunjika ku matsache. A Gondwe ayamba kuyang'anayang'ana woti aime kutsogolo. Mayi Kamanga, amene amaimba ngati akuitana nkhuku, akonza kale duku.

Edina waimika dzanja. "Abambo, za asisi sizopatsirana, ndinali nawo kuchipatala. Aime pafupi ndi ine. Ndikamawamva kumbali kwangaku sindisochera."

Onse atembenukira kwa a Gondwe.

A Gondwe akanda m'mutu. "Chabwino. Koma mawa maso akhale atayera. Apo ayi, Mayi Kamanga."

Ndiye ndili kutsogolo! Ndapambana! Koma chifukwa chiyani ndikumva ngati ndameza fupa? Zaka zonsezi a Gondwe sanandione, lero andiona chifukwa mwana wa dzulo waloza. Ndalowa mzere wakutsogolo ngati katundu wa Edina.

Palibe kanthu. Kamera sidziwa amene anakupemphera malo.

Yunifolomu ndasita. Nsapato ndapolisha. Ndadonthezera. Ndamwa kachikasu kamodzi. Maso inu, chonde, mundichitire ulemu tsiku limodzi lokha.

Loweruka, 7 Okutobala

M'mawa. Galasi likuti: pang'ono. Si ofiira, si oyera. Ali ngati madzi otsukira nyama. A Gondwe akawaona pa dzuwa anena kuti Mayi Kamanga.

Ndikuganiza. Kapiritsi kamodzi kachita zonsezi. Nanga tiwiri? Adokotala anati madzulo okha, koma adokotala sakujambulitsa vidiyo. Tulo ndi nkhani ya munthu waulesi. Ine ndikhala nditaimirira, ndikuimba, ndikuvina. Ndamwa tiwiri ndi tiyi.

Madzulo. Ndikulemba dzanja likulemera.

Tinafika bwino ku Area 47. Mpanda wa njerwa, geti lachitsulo, kapinga wongotchetcha kumene, maluwa mbali zonse, mitengo itayoyola maluwa ofiirira pansi ponse. Mphaka wonenepa ngati mwana wa mbuzi anabwera kudzadzikhuza pa mwendo wanga. Mungu ndi mphaka, zija adokotala anatchula, pakhomo limodzi! Koma sindinayetsemule ngakhale kamodzi. A Gondwe anandiyang'ana m'maso n'kuti, "Eya, zili bwino. Kutsogolo." Mayi Kamanga anatsonya.

Wojambula anachedwa. Akuti batire. Tinadikira. Dzuwa linakwera. Miyendo yanga inayamba kukhala ya munthu wina. Mawu a anzanga ankamveka ngati akuchokera m'chitsime. Ndinati ndikhale pang'ono pansi pa mtengo, kumbuyo kwa pamene tikaime, nditsamire, nditseke maso kuti apume, akatseguke oyera pa kamera.

Pang'ono pokha.

Potsegula, mthunzi uli mbali ina. Amayi akupinda zitenje. Ena akudya mabanzi. Wojambula akukulunga mawaya. Pathupi panga pali chitenje chosakhala changa.

"Tinakudzutsani, asisi," akutero Edina, atagwada pambali panga ndi banzi limene wandisungira. "Ine ndinakugwedezani, a Gondwe anakuitanani, Mayi Kamanga anakuomberani m'manja kukhutu. Inu munkangoti ameni."

Nyimbo zonse zajambulidwa. Zonse! Pamalo panga panaima Mayi Kamanga, mano onse panja.

Chitenje n'cha Edina. Akuti ntchentche zinkandivuta.

M'minibasi pobwerera ndinagonanso. Paphewa pake.

Lamlungu, 8 Okutobala

Maso ayera. Lero. Ayera bwinobwino, osayabwa, osatupa. Ndadonthezera m'mawa monga mwa lamulo. Kachikasu ndakaika pamwamba pa kabati, tionana madzulo, kamodzi.

Ku tchalitchi ndinafuna kujomba. Bambo a Mphatso anati tiyeni, munthu sathawa Mulungu chifukwa cha tulo.

Mapemphero atatha, wojambula wabweretsa TV kuti mpingo ulaweko. Aiika pa tebulo kutsogolo. Anthu osapita kwawo. Ine ndakhala kumapeto kwa benchi, mtima uli m'malo. Mulimonsemo mulibe ine, ndiopa chiyani?

Nyimbo yoyamba: Edina, maluwa, Edina, Mayi Kamanga, geti, Edina.

Yachiwiri ndi ija yochenjeza Akhristu ogona, oti tsiku lomaliza lidzawapeza ali m'tulo. Kwaya ikuloza chala uku ndi uku. Kenaka kamera ikuchoka pa nkhope ya Edina, ikudutsa paphewa pake, ikuyenda pang'onopang'ono mpaka pa mtengo.

Ine.

Kukamwa yasa. Duku litagwera pa khutu. Nsapato imodzi ili payokha. Mphaka uja atagona pamiyendo panga. Kamera ikuyandikira, ikuyandikirabe, mpaka nkhope yanga yadzaza TV yonse. Nthawi iliyonse kolasi ikabwera, ndikubweranso ine.

Tchalitchi chonse chagwa nacho chiseko. Ana akugubuduka. Abusa akupukuta misozi. Mayi wina wachikulire wakuwa kuti, "Uthenga wamveka!" Wojambula akuuza anthu kuti, "Mayi awa ndi katswiri. Ena ukawauza kuti agone amaphethira, awa ayi." A Gondwe akuti sachotsa, ndiye pamene pali mtima wa nyimbo. Bambo a Mphatso alembetsa ma CD awiri.

Ndiye m'vidiyo ndilimo. Nkhope yanga yaoneka nthawi yaitali kuposa ya wina aliyense, kuposa ya Edina amene. Maso okha ndiwo sanaoneke.

Manyazi atandikwana ndinaweramitsa mutu n'kutsinzina, kudikira kuti ithe. Ndili chitsinzinire choncho, inayamba nyimbo yachitatu, imene Edina amatsogolera yekha. Sindinkamuona. Ndinkangomva. Mawu aja anakwera bwinobwino, osanjenjemera, mpaka tsitsi langa linaima pansi pa duku. Miyezi yonseyi ndakhala ndikumuyang'ana, sindinamumvetserepo.

Potuluka Edina wandigwira dzanja. Akufunsa ngati angabwere Lachiwiri ndidzamuphunzitse nyimbo zakale za pa maliro, iye sazidziwa. Ndavomera. Ndikanatani? Ali ndi chitenje chake choti adzatenge, ndachichapa kale.

Amaimba mwana uja.

Ndalemba muno mokha. Pakamwa panga sizituluka.